Pempho Lochokera ku Paki ya Retiro

Tsiku limenelo dzuwa linatuluka lili ndi ukali kale. Unali mwezi wa Okutobala. Mitambo inkasonkhana cha ku Dedza m'mawa uliwonse, kuchita bii ngati ibweretsa kanthu, kenako n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Mphepo yotentha inkangotembenuza maluwa a jakaranda amene anali mbwee m'misewu ya ku Area 10.

A Cornelius Chikaonda anathirira maluwa a abwana awo kusanatenthe kwambiri. Anakulunga paipi, naipachika pamalo pake, nakasamba kuseri kwa kanyumba ka antchito komwe ankakhala okha. Anavala malaya awo oyera a kutchalitchi ndi chipewa. Atafika pa batani la pakhosi zala zinakana, mpaka anangolisiya.

Nkhani inali ya Maness, mwana wawo mmodzi yekhayo. Maness anapita ku Spain kukalera ana a banja la azungu limene a Chikaonda ankaligwirira ntchito kale ku Area 43. Anawo atakula, iye anatsalira mumzinda wa Madrid, naphunzira ntchito yosamalira okalamba. Mkati mwa sabata anatumiza uthenga pa kafoni ka bambo ake, kaja ka mabatani. Anati Loweruka masana apite kumsika kwa mayi Adija, kumene kuli foni yoonetsa nkhope. Iye akakhala ku paki yaikulu ya mumzindawo, yotchedwa Retiro, pamodzi ndi mwamuna wina dzina lake Ramiro, amene akufuna kulankhula nawo.

A Chikaonda sanafunikire kuuzidwa zambiri. Anadziwa chimene mwamunayo ankafuna kufunsa, ndipo chimene chinkawavuta mumtima chinali chakuti yankho lake silinali m'kamwa mwawo. Kwawo kwa malemu akazi awo, a Naphiri, ku Mitundu, mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Iyeyo ndiye amalandira mawu a ukwati, ndiye amasankha ankhoswe, ndiye amadzaima pakati banja likagwedezeka. Bambo akangovomera yekha, akuchikazi amapinda manja, amati ukwati umenewo saudziwa. Tsiku limene mwanayo adzabwere akulira, kapena adzafune pomanga kumudzi kwa mayi ake, amamuuza kuti apite kwa amene anamukwatitsa. A Naphiri anali ndi mlongo mmodzi yekha, a Japhet Phiri. Ndipo a Chikaonda ndi a Japhet anali asanapatsane moni chiikireni maliro a a Naphiri.

Tsiku lowasudzula ku Mitundu, anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, a Japhet ananena mawu onse oyenera: kuti mkamwini wamasuka, kuti mwana ndi wawo. Kenako anawonjezera awoawo. "Munkathirira maluwa a azungu, mlongo wanga akufota m'nyumba." A Chikaonda anaimirira, navala chipewa, nayenda wapansi mpaka kumsewu. Sanayankhe tsiku limenelo, ndipo anali asanayankhebe.

Maness sankadziwa zimenezi. Maliro a mayi ake anawamvera kutali, mapepala ake okhalira m'dzikomo asanakonzeke, ndipo bambo ake sanali munthu wofotokoza. Akafunsa za amalume ake, iwo ankati, "Ali bwino," n'kuyamba za mvula.

Anayenda wapansi mpaka ku City Centre, nakwera minibasi ya ku Old Town. Anapanikizika pakati pa mayi wonyamula dengu la mazira ndi mlonda wina amene ankaodzera ndi yunifomu yake. Njira yonse ankakonza mawu mumtima. "Ndamva, koma dikirani kaye." Adikire chiyani? "Ndikuyankhani mawa." Mawa likasintha chiyani? Pamene minibasi inkawoloka mlatho wa Lilongwe, msana wa malaya awo unali utanyowa, ndipo analibe liwu ngakhale limodzi loti angaligwiritse ntchito.

Mu Msika wa Lilongwe, njira yachidule yopita kwa ogulitsa nsalu imadutsa mu mzere wa ogulitsa zitsulo. A Japhet ankagulitsa mumzere umenewo: misomali, maloko, mapaipi, utoto. A Chikaonda anazungulira kwa a nsomba, monga ankachitira nthawi zonse, akulumpha madzi akuda ndi kupewa mabeseni a usipa.

"Mwadzeranso kwa a nsomba," anatero mayi Adija asanawapatse n'komwe moni. "Fungo lafika inu musanafike. Malaya oyera bwinobwino, mwawanunkhitsa usipa."

Mayi Adija anali mnzawo wapamtima wa a Naphiri. Awiriwo anagulitsa zitenje moyandikana kwa zaka zambiri, wina Msilamu wina Mkatolika, akubwerekana lumo ndi kugawana nkhomaliro. A Naphiri atamwalira, mayi Adija anangotenga ufulu wonse wowakalipira a Chikaonda, ngati anausiyiridwa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera. Khalani pa kampando apo. Nanga batanilo? Mukaonekera ku Ulaya ngati munthu wothawa moto."

A Chikaonda anagwira pakhosi, nabwezanso dzanja pa bondo.

"Alamu anu mwawauza?"

Iwo anayang'ana chitenje cha nkhanga zobiriwira chimene chinali chitapachikidwa patsogolo pawo.

"Ndikufunsa inu, bambo a Maness, osati chitenjecho."

"Ayi."

"Ndiye mzunguyo mumuyankha chiyani?"

"Tiona."

"Tiona," anatero mayi Adija, akupukusa mutu. "Mnzanga uja anakhala ndi 'tiona' ameneyu mpaka imvi. Anali wopirira, Mulungu amupumitse. Tamverani, nafenso Ayao n'chimodzimodzi. Shamsia wanga atafunsiridwa, bambo ake anakhala pakhonde akusenda chinangwa ngati mlendo, mchimwene wanga ndiye analankhula. Sanafe nazo. Alamu anu ali apa pomwe, mukhoza kukhosomola iwo n'kumva."

"Ndikudziwa pomwe ali."

Foni inalira iwo asanawonjezere. Mayi Adija anaitsamiritsa pa mulu wa nsalu, nakokera batani, ndipo nkhope ya Maness inadzaza galasi lonse. Anali atavala jekete yofiira ndi mpango m'khosi. Akamaseka, mpata wa mano ake unali wa mayi ake weniweni.

"Ababa! Mukundiona? Mayi Adija, mwaswera? Ababa, mwatchena chonchi, mukupita kuti?"

"Ndikukuona."

"Ramiro ali kutsogoloko ndi mayi ake, akutidikira. Koma ndafuna muone kaye malowa. Anthu onse amene ndimawadziwa, inu nokha ndi amene mungawamvetse."

Anatembenuza foni. A Chikaonda anaona geti lalitali lachitsulo, kenako msewu waukulu wadothi loyera, mitengo itandanda uku ndi uku ngati inayezedwa ndi chingwe. Masamba ake anali ofiirira, ena achikasu, akuthothoka ndi kuuluka chopingasa. Maness ankayenda akufotokoza. Anati kale unali munda wa mafumu a dzikolo, munthu wamba sankapondamo mwachisawawa, koma tsopano aliyense amalowa popanda womufunsa: okalamba, ana, othamanga, oimba, ngakhale agalu ovala majuzi.

"Agalu ovala chiyani?" anafunsa mayi Adija.

"Majuzi, mayi. Kuno kwayamba kuzizira."

"Ndikanadziwa ndikanakutumizira zotsala za nsalu, ukanatsegula bizinesi."

Anafika pa dziwe lalikulu lomangidwa ndi miyala. Munali timaboti tabuluu, anthu awiriawiri akupalasa.

"Akuwedza?" anafunsanso mayi Adija.

"Ayi, akungoyenda."

"Akupita kuti?"

"Kulikonse ayi. Amazungulira n'kubwerera."

"Anthu okhuta," anatero mayi Adija.

A Chikaonda sanaseke. Ankadziwa kuti kumapeto kwa msewu umenewo kuli mwamuna wodikira ndi funso lake, ndipo phazi lililonse la Maness linkawayandikizitsa kumeneko. Anafuna msewuwo utalike.

"Taima," anatero. "Mitengoyo ndi yanji?"

Maness anatchula dzina lachisipanishi, natola chipatso chake cholimba, chofiirira ngati chopakidwa polishi, nachionetsa.

"Amadya?"

"Izi ayi. Zimene amawotcha m'misewu n'zamtundu wina."

"Masambawo sasesa?"

"Amasesa, ababa, koma agwa ambiri. Ino ndi nyengo yake."

"Madzi amawatenga kuti? Nanga mpanda wamaluwawo amadula ndi chiyani? Tabwerera, ndione m'munsi mwake."

Maness anabwerera, nagwada, naloza foni m'munsi mwa mpandawo. Anawaonetsa nyumba yagalasi lokhalokha imene inkanyezimira pafupi ndi kadziwe kena. Anawaonetsa mtengo waukulu wotchingidwa ndi mpanda wachitsulo, umene akuti ndi wakale kwambiri m'pakimo, nthambi zake zokwera m'mwamba ngati zala za dzanja. A Chikaonda anafunsa za makungwa ake, za mizu yake, za amene amaudulira. Anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero chaka chonsecho. Maness anasangalala, mawu ake anakwera.

"Mayi Adija, mukuwamva? Lero ababa adzuka bwino. Ndinadziwa kuti malowa awamasula."

Mayi Adija anawayang'ana a Chikaonda cham'mbali. Anaona dzanja lawo likufinya chipewa pa bondo.

Mphepo ku Madrid inali ikukula. Inkawomba mu foni ngati munthu akupuma m'khutu, ndipo mawu a Maness ankaduka. Kenako chithunzi chinakhazikika pa benchi yamatabwa pansi pa mtengo. Panali mayi wokalamba, wovala zakuda, ndodo ili pakati pa mawondo. Pambali pake panaima mwamuna wamfupi, wadazi, wovala jekete ndi tayi imene mphepo inkaiponya paphewa.

"Awa ndi mayi Pilar, amene ndinkawasamalira atathyoka mwendo. Uyu ndi mwana wawo, Ramiro. Amayendetsa basi ya mumzinda. Pa benchi imeneyi ndi pomwe malemu bambo ake anawafunsira mayi Pilar, n'chifukwa chake tabwera pano."

Mayi wokalambayo anakweza dzanja, namwetulira. A Chikaonda anawerama pang'ono. Amayi awiri ogulitsa nsalu moyandikana anali atasiya malonda awo, atasendera kumbuyo kwa mayi Adija kuti aone nawo.

Ramiro anakonza tayi. Analankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Muli bwanji, bambo. Ine ndine Ramiro. Ndimamukonda Maness. Ndikupempha kuti mundilole ndimukwatire."

Mmodzi wa amayi aja anayamba kanthungululu, mnzake namugwira pakamwa. Onse anadikira. Ku Madrid masamba ankadutsa kumbuyo kwa mutu wa Ramiro. Mumsika wina ankaitanira madzi ozizira. A Chikaonda anayang'ana nkhope ya mwamunayo, naona thukuta pa dazi lake ngakhale kunali kozizira, ndipo anamumvera chisoni. Anali munthu wabwino, zinkaoneka. Anaphunzira mawu onsewo n'kuwabweretsa pakhomo lolakwika.

"Mayi Adija, netiweki yaima?" anafunsa Maness.

"Sinaime, mwanawe. Aima ndi bambo ako."

A Chikaonda anakhosomola.

"Ali ndi amalume?"

"Ndani?"

"Iyeyo."

Maness anamasulira. Ramiro anayang'ana mayi ake, nayankha mozunguzika.

"Akuti alipo mmodzi, koma ali ku nyumba ya okalamba, sakumbukiranso ngakhale dzina lawo. Ababa, kuno sachita zimenezo. Kuno amafunsa bambo. Wafunsa inu."

"Si ine woyankha."

Kumwetulira kwa Maness kunazimiririka pang'onopang'ono. Anasuntha pang'ono kuchoka pa benchi, ndipo Ramiro anatsala kumbuyo, manja ali lende.

"Za amalume ndikuzidziwa, ababa, sindinaiwale kwathu. Ndinawaimbira mwezi watha. Anati nkhani ya ukwati silowa m'nyumba kudzera pa foni ya mwana, bambo ako akudziwa pomwe ndimakhala. Ndinayesa kuti anakuuzani, mwakambirana kale, inu mungotipatsa yankho lawo. Simunaonane?"

A Chikaonda anayang'ana pansi. Panali timaulusi ndi tizidutswa ta nsalu.

"Ababa?"

"Muuzeni," anatero mayi Adija. Atawaona kuti sakutsegula pakamwa, anasendera pafupi ndi foni. "Maness, bambo ako ndi amalume ako sanalankhulane chiikireni mayi ako. Ndatopa kubisa. Andikwiyire, ndazolowera."

Amayi awiri aja anabwerera ku malonda awo mwakachetechete.

"Nthawi yonseyi?" Mawu a Maness anatsika. "Mumati ali bwino."

"Ali bwino."

"Mumadziwa bwanji?"

"Ndimawaona patali."

Maness anaseka kuseka kosakoma, napukuta mphuno ndi mpango. Mphepo inamuphimba nkhope ndi tsitsi, iye nalikankha.

"Ababa, tamvani. Ku ofesi ya boma kuno atipatsa kale tsiku, mu Disembala. Ndikhoza kukaima kumeneko ndi anzanga awiri a kuntchito, palibe angandiletse. Koma sindinkafuna kukwatiwa ngati munthu wopanda kwawo. Amayi ndinawalira ndekha m'chipinda, foni ili kukhutu. Mukufuna ndikwatiwenso ndekha? Ingonenani kuti eya. Liwu limodzi. Amalume asiyeni, ngati sakufuna. Ine bambo anga ndi inu."

Liwulo linali pafupi, linafika mpaka pa lilime. Akanangolinena, mwana wawo akanaseka, mayi wokalamba uja akanaomba m'manja, iwo akanabwerera ku Area 10 kudzera kwa a nsomba. Koma anaona Mitundu. Anaona munda wa a Naphiri wa m'mbali mwa dambo, ndi malo a nyumba amene ankamusungira Maness kuseri kwa tchalitchi. Anaona tsiku lina, iwo kulibe, Maness akutsika basi ndi mwana wakhungu loyera kumsana, akuimirira pabwalo la mayi ake, anthu akumufunsa kuti ukwati wake anaumanga ndani. Iwo anali mlendo ku Mitundu, anasudzulidwa kale. Eya wawo sakanamutsegulira khomo lililonse kumeneko, akanangomutsekera. Zonsezi zinali m'mutu mwawo momveka bwino, koma njira yochokera m'mutu kufika pakamwa inali yaitali kwa iwo kuyambira ali mnyamata.

"Sindingathe," anatero.

Maness anatseka maso. Kumbuyo kwake mayi Pilar anali ataimirira ndi ndodo yawo, akufunsa mwana wawo chimene chachitika, ndipo Ramiro ankangopukusa mutu. Kenako kunamveka wezulo, kawiri, katatu. Anthu anayamba kudutsa mofulumira, ena akukoka ana. Mwamuna wovala chovala chachikasu chowala anafika akuloza ndi dzanja.

"Akutitulutsa," anatero Maness. "Mphepo ikakula chonchi amatseka paki, nthambi zimagwera anthu." Chithunzi chinayamba kugwedezeka: thambo lotuwa, nsonga za mitengo zikupindika, nsapato zake pamasamba. Nkhope yake inabweranso, maso ali ofiira. "Tikaima panja pa geti mpaka tipeze galimoto yonyamula mayi Pilar. Ndiimbanso kamodzi. Mukapanda kuyankha, ndimva, sindidzakuvutitsaninso nayo nkhaniyi."

Galasi linada.

Mayi Adija anatenga chitenje chimene chinali chopindidwa kale, nachitambasula, nayambanso kuchipinda. Kunja kwa denga lamalata dzuwa linkaphulika. Thukuta linatsika m'khosi mwa a Chikaonda.

"Geti lili patali?" anafunsa.

"Ndidziwa bwanji ine? Ndinakafikako? Koma gogo uja akuyenda ndi ndodo, sathamanga."

A Chikaonda anakweza manja onse awiri pakhosi, nalimbana ndi batani lija mpaka linalowa. Anaimirira, natambasula dzanja.

Mayi Adija anawapatsa foni. "Moto watsala pang'ono, musaiyatseyatse. Ikalira, batani lobiriwira mukokere uku. Uku, osati uko. Ndipo muibweze, si ya mbumba yanu."

Kuchokera kwa a nsalu kufika kwa a zitsulo sipanali patali. Phokoso linasintha: malata akugundana, wina akudula paipi, wina akukhoma ndowa. Ogulitsa ena akale anawazindikira, nasiya kucheza, nawatsatira ndi maso. Foni inali m'dzanja lawo lamanzere, ndipo ankaimva ngati ikhoza kulira nthawi ina iliyonse, iwo asanafike, asananene kanthu.

A Japhet anali ataonda. Patali sizinkaoneka. Anali atavala magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi, akuyeza misomali pa sikelo, kalipentala wina akudikira. Chipumi chawo chinali cha a Naphiri, ndipo a Chikaonda anayang'ana kumbali. Anavula chipewa, nanjuta pambali pa benchi la malonda.

A Japhet anawaona. Dzanja lawo linaima pang'ono m'mwamba, kenako linapitiriza. Anachotsa misomali iwiri, nabwezeramo umodzi. Anakulunga mu nyuzipepala mosafulumira. Anacheza ndi kalipentala uja za mtengo wa matabwa, za mwana wake wodwala, za mvula imene ikuchedwa. A Chikaonda anayang'ana foni. Inali idakali chete. Mawondo anayamba kuwawa.

Kalipentala atapita, a Japhet anapukuta sikelo ndi kansanza.

"Mukufuna misomali yotalika bwanji, bambo?"

"Alamu."

"Alamu? Ndinkayesa liwu limenelo tinaliika limodzi ndi malemu."

"Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu."

"Wanga."

"Wanu. Wina wamufunsira."

"Ndinamva kalekale. Ndimafuna ndione ngati miyendo yanu ikudziwabe njira." A Japhet anakonza maloko amene anali okonzeka kale. "Maluwa aja akukula?"

Miyendo ya a Chikaonda inafuna kuimirira yokha, monga inachitira pansi pa mango ku Mitundu. Chipewa chinali m'dzanja, chongofunika kuchiika kumutu. Anakumbukira nsapato za Maness pamasamba aja, zikupita ku geti. Anakanikiza zidendene pansi.

"Akukula," anatero.

A Japhet anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Anaoneka ngati ankayembekezera mawu ena, okalipa, oti awabwezere. Atawasowa, anavula magalasiwo, nayamba kuwapukuta ndi malaya.

"Mlongo wanga uja," anayamba, koma sanamalize. Anavalanso magalasi. "Mwamuyankha chiyani mzunguyo?"

"Ndati si ine woyankha."

"Pamaso pake?"

"Pamaso pake, ndi pa mayi ake. Mwana akulira."

"Mukanatha kungovomera. Ali kutali, ndikanamva liti ine?"

"Mukanamva."

Wogulitsa wa benchi loyandikana anali atasiya kudula paipi. Kenako a Japhet anachotsa katoni ya maloko pamwamba pa chitini cha utoto, nachikankha ndi phazi mpaka chinafika pafupi ndi a Chikaonda.

"Musanjute ngati mbuzi yanu yadya chimanga changa. Khalani apo."

A Chikaonda anakhala.

"Munthuyo amagwira ntchito?"

"Amayendetsa basi."

"Anakwatirapo?"

"Sindinafunse."

"Simunafunse. Munafunsa chiyani nanga?"

"Za mitengo."

A Japhet anatulutsa mpweya m'mphuno, osadziwika ngati kunali kuseka kapena kunyansidwa.

"Ali ndi amalume?"

"Alipo, koma mutu unasokonekera ndi ukalamba."

"Ndiye ine ndikambirana ndi ndani? Ukwati wopanda nkhoswe ya kuchimuna munauonapo kuti? Musayese kuti poti mwakhala pa chitini changa ndiye kuti ndavomera. Ndili ndi mafunso anga, ndipo akandiyankha mokhota, ndikana. Mwanayo si wotola."

"Ndikudziwa."

"Ali kuti panopa?"

"Pa geti la paki. Akudikira galimoto. Aimba kamodzi kokha."

Onse awiri anayang'ana foni. Galasi lake linali lakuda, lodzaza zidindo za zala. A Chikaonda anayamba kuganiza kuti mwina galimoto inapezeka msanga, mwina Maness wasintha maganizo, mwina moto watha foniyo yazima m'dzanja lawo iwo osadziwa. Anafuna kuiyatsa kuti aone, nakumbukira chenjezo la mayi Adija. A Japhet anatola msomali umodzi, nayamba kuugubuduza pakati pa zala. Mphepo yotentha inalowa mumzeremo, nigwedeza malata a denga.

Foni inalira.

A Chikaonda anapukuta galasi lake pa malaya awo oyera, nakokera batani lobiriwira mbali imene anawaonetsa mayi Adija, naipereka kwa a Japhet ndi manja awiri.